Jekete la ku Halale

Funsani aliyense wa ku Limbe amene anakwatira m'zaka za Chitaganya, akuuzani kuti chithunzi chake anajambula ndine, Morris. Ntchitoyi sindinaiphunzire pa benchi ya sukulu ayi. Ndinayamba ndi kusesa kwa Mgiriki wina wojambula ku Bulawayo, ndinafika ku Joni, ndinalawa madzi a mchere ku Beira, ku Halale ndinakhalako zaka zinayi. Pobwerera mu 1957 ndinatsika sitima ndi kamera yangayanga ndi mabokosi awiri a katundu.

Katunduyo ndiye ankandikokera anthu. Anzanga ankaimika mwamuna ndi mkazi pakhoma, manja m'mbali, ngati agwidwa akuba nkhuku. Ine ayi. M'chipinda changa, kuseri kwa sitolo ya a Rasiklal, munali telefoni yakuda imene chingwe chake chinkathera pansi pa mkeka, wayilesi yopanda kanthu m'mimba, ambulera ya maluwa, ndi chinsalu chachikulu chojambulidwa ndege. Mwamuna ankagwira telefoni, mkazi n'kutsamira paphewa ngati akumvetsera nawo. Munthu amene sanadutsepo Lunzu ankatuluka pachithunzi ngati wangofika kuchokera ku Ulaya. Koma mfumu ya zonsezi linali jekete lofiirira la mizeremizere, limene ndinkaveka akamuna onse.

Loweruka lina mu 1958 kunabwera a Yona, wogwira ntchito kufakitale ya fodya, ndi a Ida a ku Bangwe. A Ida anali mkazi wamasiye. Mwamuna wawo anapita ku Rodeshiya, kenaka kunabwera kalata ya maliro ndi bulangete lake. Anthu analira, anameta, achibale a mwamunayo anawasudzula. Tsopano patatha zaka zinayi, mayina awo ndi a Yona anali atalengezedwa kawiri m'tchalitchi cha Katolika. Kunatsala kulengeza kachitatu mawa lakelo, ukwati Loweruka linalo. Zonsezi anandiuza a Yona okha, mano onse pamtunda.

"Vulani chimalaya cha fodyacho, achimwene," ndinatero. "Lero mukwera ndege."

Ndinawaveka jekete. Linawakhala ngati telala anawayeza dzulo. Ndinawaimika patsogolo pa ndege, ndipo ndinauza a Ida kuti aime mbali, agwire kolala ya jekete ngati akuikonza.

"Ku Joni amatero, mayi. Mkazi wokonza kolala ya mwamuna, ndiye chikondi chimenecho."

Ndinalowetsa mutu m'nsalu yakuda ya kamera. Ndili m'menemo ndinaona a Ida atembenuza kolala ija, ayang'ana kunsi kwake, osasuntha.

"Mayi, yang'anani kuno!"

"Jeketeli munalitenga kuti?" anafunsa, mawu ali pansi.

Ine funso lotere silindidutsa. Ndinatulutsa mutu m'nsalu, monyadira.

"Mwaona bwino, mayi! Limeneli si la pamsika. Anandipatsa mnzanga weniweni ku Halale, Aloysius, dalaivala wa lole, mwana wa kwathu konkuno ku Nguludi. Chaka chathachi, tsiku lotsazikana, anati, 'Morris, tenga, ine mabatani sakukumananso.' Munthuyo wanenepa, inu! Mkazi wake wa Chishona amaphika zosati masewera. Ana awiri, wachiwiri ndinamujambula ine ali wakhanda."

"Chaka chatha?" anatero a Ida.

"Mwezi wa Epulo. Anandiperekeza mpaka pasiteshoni."

A Ida anapinda kolala ija kuti ndione. Kunsi kwake kunali kachigamba ka nsalu yobiriwira, kosokedwa ndi ulusi wofiira.

"Ndinasoka ndine. Ndinang'amba ku nsalu yanga usiku woti mawa mwamuna wanga anyamuka. Ali ndi chipsera pachibwano?"

Chipseracho ndinkachidziwa. Ndinali nditalimbana nacho pachithunzi kuti chisaoneke.

A Yona anavula jekete lija mofulumira ngati muli linthumbu, naliponya pa wayilesi. Anandigwira mkono.

"A Morris, inu mumanama. Limbe yense amadziwa. Munandiuza kuti munamwapo tiyi ndi kaputeni wa sitima yapamadzi. Uzani mayiwa kuti iyinso ndi nkhambakamwa. Nenani kuti munagula pamsika."

"Mwina ndasokoneza," ndinayamba. "A Aloysius ndi ambiri ku Halale. Mwinanso chinali chaka china..."

"Bambo," anandidula a Ida, "ndinameta mutu chifukwa cha munthu ameneyu. Ndinagona pansi mwezi wathunthu. Musandinamize kachiwiri. Ali moyo kapena wafa?"

Ndinakhala pa bokosi la katundu.

"Ali moyo, mayi."

A Yona anagwira mutu ndi manja awiri. "Ida, amene akudziwa ndife atatu basi. Kalata ya maliro ilipo. Abambo wansembe anaiona. Munthu anadzipha yekha ndi cholembera, ife tim'dzutsirenji?"

"Ndikaime pa guwa ndikudziwa? Ndikalandire ukalistiya ndikudziwa?" A Ida sanalire. Anatenga jekete, nalipinda bwinobwino, manja m'kati, monga amapindira mkazi wapanyumba. "A Morris, ndilembereni kumene amakhala. Nambala ya nyumba ndi msewu."

Ndinalemba kuseri kwa envelopu ya zithunzi. Iwo anaika jekete m'khwapa natuluka, a Yona ali pambuyo, akuitana dzina lawo mpaka pamsewu. A Rasiklal anasuzumira pakhomo, nafunsa ngati wina wamwalira. Ndinayankha kuti ayi, wauka.

M'mawa mwake ndinapita ku Misa, ine amene ndinali nditatha zaka zitatu osapondako. Ndinakhala kumbuyo kwenikweni. Katekisiti anaimirira ndi pepala la maukwati, nawerenga mabanja atatu. Atafika pa lachinayi anayang'ana wansembe, wansembe anapukusa mutu, ndipo pepala linapindidwa.