Nyumba Imodzi, Magawo Awiri

Tamsin anali atatafuna chikhadabo mpaka pamnofu pamene loya, Mayi Bhandal, anawaitana kuti alowe. Gethin, chibwenzi chake, anapukuta nsapato pakhomo, koma fumbi la kuntchito yake yomata matailosi linamutsatirabe mpaka pakapeti.

Nyumba anali ataipeza kale, ya njerwa zofiira, pachitunda cha ku Huddersfield, yogundana khoma ndi zinzake uku ndi uku. Ndalama zoyambira zinakwananso, chifukwa boma limaonjezera paundi imodzi pa mapaundi anayi alionse amene munthu wasungira nyumba yake yoyamba. Koma mwayiwo subwera kawiri. Ukangogula, watuluka m'gulu la oyamba mpaka kalekale.

Tamsin anayamba kusunga akadali wophunzira ntchito m'sitolo ya mankhwala. Anzake akamapita ku Spain kukaothera dzuwa, iye ankatsala m'chipinda cha lendi, akudya buledi ndi nyemba za m'chitini. Gethin, munthu amene ndalama imamuyabwa m'thumba, anayamba kusunga atakumana naye, ndipo zake zinali zongochotsera manyazi.

Tsono lero, asanaitanitse ndalamazo kubanki, loya ankafuna yankho la funso limodzi: nyumba ilembedwe ya onse awiri mosagawa, kapena aliyense akhale ndi gawo lake?

M'mawa amayi ake a Tamsin anali ataimba foni.

"Ukanene za magawo, wamva? Unaona wekha zomwe tinatuluka nazo kwa bambo ako: masutikesi awiri ndi ketulo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe."

"Amayi, Gethin si adadi."

"Nawonso nthawi imeneyo anali Gethin, mwanawe."

Mawu amenewo ndi amene anali kumudya Tamsin. Ankaopa mbali zonse. Akapempha magawo, Gethin amva kuti mkaziyu akufunsa njira yotulukira asanalowe n'komwe. Akakhala chete, ndiye kuti unyamata wake wonse, ndi mwayi uja wosabwerera, wauika m'manja mwa mawa amene palibe anawaona. Ankamukonda Gethin, ndipo kumuyesa pasikelo chonchi kunkamuchititsa manyazi.

Mayi Bhandal anavula magalasi. "Mukasankha mosagawa, nyumba yonse ndi ya aliyense wa inu. Mukadzasiyana, kawirikawiri mumagawana pakati, posayang'ana kuti anaikamo zambiri ndani. Mukasankha magawo, timalemba lero kuti uyu zakuti, uyu zakuti. Mwagwirizana chiyani?"

Tamsin anayang'ana dzanja la Gethin pathebulo, zala zong'aluka ndi simenti, dzanja limene linamukonzera bafa la kulendi popanda kupemphedwa. Anadzimva yekha akuyamba kunena kuti, "Ndiye mwina tingolemba mosa..."

"Magawo, mayi," anatero Gethin. "Lake likhale lalikulu, monga mwa zomwe waikamo. Langa mulembe ndi zilembo zikuluzikulu kuti lizionekako."

Loya anamwetulira n'kuyamba kulemba. "Inunso mukuvomereza, Tamsin?"

Anavomera ndi mutu. Mtolo umene anausenza masabata onsewa unatsika, koma pamalo pake panalowa mantha ena, atsopano. Ngati Gethin wayankha mosadodoma chonchi, ndiye kuti nayenso anakhala akuganiza za tsiku losiyana.

Panja kunali kamvula kowaza. Anatsika msewu mpaka posiya galimoto. Gethin akufufuza makiyi a vani yake, Tamsin analephera kupirira.

"Unayamba liti kuganiza zondisiya?"

Gethin anatembenuka. "Ine? Iwe, taona chala chakocho. Chiyambireni loya kutitumizira funso lija wakhala ukudya zala ngati kunyumba kulibe chakudya. Ukuganiza kuti sindiona?"

"Bwanji osanena?"

"Ndimadikira unene wekha. Ndiye ndamva ukufuna kunamiza loya." Anapukuta madzi pankhope. "Tam, nyemba za m'chitini zija unadya wekha, ine kulibe. Sindikufuna kuti tsiku lina uzidzakhala nane chifukwa choopa kutaya theka. Ukamakhala, ndizidziwa kuti wafuna."

Tamsin anayang'ana kumbali. Misozi inabwera, ndipo sanalimbane nayo.

"Amayi akuti nawenso udzasintha."

"Amayi ako sanandikhululukirebe za matailosi obiriwira a kukhitchini kwawo. Anasankha okha, koma wolakwa ndine."

Tamsin anaseka mosafuna, mphuno ikutuluka madzi. Analowa m'vani, pakati pa zidebe ndi zogwadirapo pantchito, ndipo Gethin anayatsa chotenthetsera chimene chimangopuma ngati nkhalamba.

"Ndiye gawo lakolo ndi liti?" anafunsa Tamsin.

"Ndawerengera. Chimbudzi cha pansi, masitepe, ndi kashedi ka kuseri."

"Nanga chitseko cha kumaso?"

"Chimenecho ndi chako." Gethin analiza injini, maso ali kumsewu. "Ine ndingopemphako kiyi."

Tamsin anaika chala chopweteka chija m'dzanja lake lokhakhala, ndipo sanachichotsemo mpaka anayamba kukwera chitunda.