Dothi la Pansi pa Mkuyu

Ife a ku Roccavelda timabadwira pa dothi lathu. Chipatala chili kumunsi, kuchigwa, ndiye mayi akamapita kukachira, mwamuna wake amatapa dothi la pakhomo n'kukaliika m'kathumba kunsi kwa bedi, kuti mwanayo asadzatchedwe wobwera. Anamwino anazolowera, amangosesa molambalala. Anthu a kuchigwa amatiseka nazo, koma alekeni aseke, mudzi wawo unamangidwa dzana lomweli.

Nives anabadwa choncho, ana ake awiri chimodzimodzi. Tsono madokotala atasiya kumunamiza za chotupa cha m'mimba mwake, anaitana mwamuna wake, Ettore, n'kumugwira dzanja.

"Ndinabadwira pa dothi la kwathu, ndipitire pa lomwelo. Kanditapire la pansi pa mkuyu wa amayi."

"Ukupita kuti iwe? Ukungofuna kundikweza phiri ndi mawondo angawa."

"Mawondo omwewo si unkalumpha nawo mpanda wa bambo anga? Pita, nkhalamba iwe."

Ettore anatuluka akuseka, koma atafika pakhonde anagwira khoma. Nyumba ya kuphiriyo anaigulitsa kalekale, masitepe atayamba kuwalemera, ndipo chitsikire sanapondekonso. Ankati akusowa mpata, pamene chenicheni chinali mantha.

Masiku ano galimoto ya munthu wosakhala mumzindamo siloledwa kulowa pachipata. Anakwera basi ya alendo, pakati pa zipewa zazikulu ndi zilankhulo zosamveka mutu wake. Potsika, dalaivala anamupatsira kamapu.

"Tengani bambo, m'menemo tinjira n'tambiri, mungasochere."

Ettore analandira, nanga akanatani? Munthu amene anabatizidwa m'tchalitchi chomwe chinajambulidwa pachikuto cha mapuwo.

Miyala ya mumsewu inali yomwe ija, nsanja ya belu yomwe ija, koma anthu ake ndiwo kunalibe. M'butchala ankagulitsamo mbale zojambula maluwa. Pamene ankakhala Gualtiero wosoka nsapato panali mzere wa anthu ofuna ayisikilimu. Pachitseko chilichonse anapachikapo kabokosi kachitsulo kosungira makiyi a alendo ogona n'kumapita. Pamwamba pa kanjira kawo panali zovala zoyanika, zoyera mbee, ndipo mtima wake unadumpha poganiza kuti mwina wina akukhalabe. Atayang'anitsitsa anaona kuti anazisokerera kuchingwe kuti alendo azijambula. Malaya amenewo sanavalidwepo ndi munthu, ndipo wokawanula palibe. Ine zimenezi zimandinyansa kuposa bwinja, poti bwinja silinamizira kuti lili moyo.

Chitseko cha nyumba yawo anachipaka utoto wobiriwira. Anagogoda, zii. Anagogodanso mpaka zala kuwawa. Ali chiimire pomwepo, linafika gulu la alendo likutsata mayi wina wonyamula ambulera m'mwamba. Mayiyo anatsegula kageti ka m'mbali kolowera kubwalo la kuseri, ndipo Ettore anadziphatika pakati pawo ngati wakuba.

"Bambo, ndinu a gulu langa? Chabwino, musatsalire," anatero mayiyo, kenako n'kukweza mawu. "M'nyumba ngati izi munkakhala anthu osauka kwambiri. Banja lonse chipinda chimodzi, bulu kunsi kwake. Tangoganizani fungo lake!"

Alendo anaseka n'kujambula zenera lomwe Nives ankaponyerapo makiyi Ettore akachedwa kubawa.

Mkuyu panalibe. Bwalo lonse analiwaka miyala yosalala kuchokera khoma mpaka khoma, n'kuikapo timatebulo ndi mitengo ya mandimu m'miphika.

"Mayi, pepani, mkuyu unali apa uli kuti?"

"Mkuyu? Mwawerenga pati zimenezo? Ine chiyambire ntchito sindinauonepo."

"Unali apa, pamene mwapondapo."

"Mwina mukusokoneza ndi mzinda wina, bambo. Mizinda ya m'mapiriyi imafanana."

Ettore anagwada, mawondo akulira, n'kutulutsa kampeni kake. Anakanda pakati pa miyala, anapeza simenti. Anakwawira m'mbali mwa khoma, simenti yokhayokha. Mlendo wina anamujambula, ataona ngati ndi mapemphero a anthu a kuno. Kampeniko kanathyoka nsonga. Ettore anayang'ana uku ndi uku, misozi ikumutseka m'maso, ndipo anazindikira kuti pa phiri lonse limene makolo ake anafera sipanatsale dothi loti n'kudzaza chikhatho.

"Tikutseka, bambo!" anakuwa mayi wa ambulera uja.

Anapisa dzanja mumphika wa ndimu, natapa zomwe zinalimo, n'kuzimanga pa mpango wa m'thumba.

Anafika kuchipatala dzuwa litapendeka. Nives anali atawonda kuposa m'mawa, ngati zimenezo n'zotheka, koma maso ake anawala ataona kamtoloko.

"Wabwera nalo! Kuli bwanji kwathu? Waona ndani?"

"Onse akupereka moni."

"Mkuyu wabereka?"

"Wabereka mpaka nthambi kuwerama."

Ettore anafuna kulowetsa kamtoloko kunsi kwa bedi msangamsanga, koma mkaziyo anatambasula dzanja. Anamasula mfundo pang'onopang'ono. Dothi la kwathu ndi lofiira, lolemera, likagwira chovala silichoka. Limene linali pampangopo linali lakuda, lopepuka ngati utuchi, lokhala ndi timibulu toyera. Aliyense amene anadzalapo duwa amalidziwa, ndi lija amagulitsa m'matumba kusitolo.

Nives ananunkhiza kamodzi kokha. Sanakalipe, ndipo Ettore akanakonda akanakalipa.

"Wakalamba, Ettore, koma kunama sunakuphunzirebe."

"Ndalitenga pabwalo pathu penipeni, ndikulumbira."

"Ndikudziwa. N'chimene chikundiopsa." Anapuma kaye, mpweya ukumuvuta. "Anaudula, eti?"

Ettore anangoyang'ana mawondo a buluku lake, oyera ndi fumbi la simenti.

Nives anamanganso mfundo ija bwinobwino, monga ankamangira kamba wa ana popita kusukulu, n'kumubwezera mwamuna wake m'manja.

"Kalithire m'maluwa a anamwino panjapo, lingawonongeke chabe. Kunsi kwa bedi usaikeko kanthu."

"Nives..."

"Ndipita ngati wobwera," anatero, n'kutembenukira kukhoma.