Tsika Mumtengomo

Anali mnyamata wa zaka khumi ndi zinayi, mlongo wake zisanu ndi zitatu, tsiku limene bambo awo anatsitsa mlongoyo mumkuyu ndi lamba. Mnyamatayo anamupeza kuseri kwa nyumba akusisita mikwingwirima m'miyendo, ndipo anamulonjeza kuti, "Ukadzabereka mwana wamkazi, ndidzamukweza ndine mumtengo umenewu mpaka kunsonga. Palibe adzamutsitse."

Kenako anakula, nakwera ndege. Anakhala kunja zaka makumi awiri ndi ziwiri, ntchito yake ili yoyendera mafakitale kuona ngati makwerero ndi olimba, ngati antchito avala zipewa zawo. Bambo awo anaikidwa iye ali komweko. Atabwerera, ana a mlongo wake anamupatsa dzina loti Malume Kunja, chifukwa akangotsegula pakamwa mawu ake anali amodzimodzi: "Kunja satero."

Loweruka lina mlongoyo anati, "Achimwene, nkhalango yathu ija ilipobe. Anaimangira mpanda, ana amakasewerako. Tiyeni mukaione, mwina kudandaulaku kungachepe."

Anapita anayi: iye, mlongo wake, kamnyamata ka mlongoyo ka zaka zitatu, ndi mwana wake wamkulu, Kachiwala, mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri amene kuyenda osadumpha kunkamuvuta.

Pachipata panali chikwangwani chojambulapo agulugufe. Kanjira kamene ankatolako nkhuni kale anakathira utuchi. Mtsinje umene unkawalekeza m'chiuno unali utasanduka kangalande, ana akutchinga madzi ndi timiyala. Panali zipika zosalaza zoti ana aziyendapo, ndi kakhitchini kophikira matope, mapoto ake enienitu.

"Matope awaikira chipata tsopano," anatero Malume. "Ife matope ankatipeza okha."

"Mwayambatu," anayankha mlongo wake.

Komabe chikwama chachikulu ananyamula ndi Malume yemweyo. Munali mabandeji, zipewa za dzuwa ndi botolo la mankhwala opaka m'manja. Kamnyamata kaja kakangogwira dothi, iye ankathamangira kukapukuta. Atatero kachitatu mlongo wake anamulanda botololo.

"Achimwene, mwanayu si mbale. Musiyeni ade."

Mkuyu unali pomwepo, kumapeto kwa mpanda. Pansi pake anayalapo makungwa ofewa, ndipo mayi wina wovala sikipa yobiriwira, woyang'anira malowo, anakhala pachitsa chapafupi.

Kachiwala anamukoka malaya. "Malume, amayi anandiuza. Akuti mudzandikweza mpaka kunsonga."

"Ndinanenadi," anatero. "Dikira ndiyambe ndauona."

Anayamba kuzungulira tsinde, akugogoda apa, kukanda apo, monga ankachitira ndi makwerero a eni ake. Pamene ankamaliza kuzungulira, anapeza nsapato ziwiri zili pansi, mwini wake ali panthambi yachiwiri, tizala takumapazi titaluma khungwa.

Maso ake anayeza okha: mamita atatu ndi theka. Kufakitale ina anaonapo munthu atagwa pamtunda wosafika pamenepo, ndipo lipoti lake analemba ndi iyeyo, masamba asanu ndi limodzi.

"Musade nkhawa, bambo," anatero mayi wa sikipa uja. "Mtengowu ndi wokwera. Timauyendera Lolemba lililonse."

"Mumauyendera ndi chiyani? Ndi maso?"

"Ndi ana anthu, tsiku ndi tsiku. Sunagwetsepo ngakhale mmodzi."

"Kunja mwana sangakwere chonchi popanda chingwe."

"Ndiye ana akunjawo ndi omvetsa chisoni," anatero mayiyo, nabwerera pachitsa chake.

Mlongo wake sankamva zimenezo. Anali atakweza mutu, dzanja lili pachifuwa, akuseka ngati kamtsikana.

"Pitiriza, mwanangu! Yakumanzereyo! Ine ndinalekezera pamenepo, iwe pitirira!"

Kachiwala anatambasula mwendo. Phazi linaterereka pang'ono, tizidutswa ta khungwa tinagwera pamapewa a Malume. Mwanayo anali atagwira kale nthambi ina, akuseka.

"Tsika mumtengomo!"

Mawu a Malume anamveka mpaka kukangalande. Ana amene ankatchinga madzi anaimirira, manja ali matope okhaokha.

"Malume, ndagwiratu bwino…"

"Ndati tsika! Mtsikana wanji iwe wosamva? Tsika pompano!"

Kachiwala anayang'ana mayi ake, kenako anayamba kutsika, pang'onopang'ono. Atafika panthambi yoyamba, Malume anamugwira mwendo, kumukokera pansi, ndipo asanaganize n'komwe dzanja lake linali litagwera kale pantchafu ya mwanayo. Phaa!

Mlongo wake sanakalipe. Anagwada pamakungwa aja, namuveka mwanayo nsapato, kumanga zingwe zake mosafulumira, yoyamba kenako yachiwiri. Atamaliza ananyamula kamnyamata kaja.

"Tiyeni tizipita."

"Ukanakonda athyoke msana?" anatero Malume akuwatsatira m'kanjira ka utuchi, chikwama chikumumenya m'chiuno. "Iwe sunaone zimene ndaona ine."

"Sindinaone, achimwene. Ine ndinali kuno."

Pachipata Malume anawerama kuti alingane ndi Kachiwala. "Tidzabweranso Loweruka. Ndidzagula chingwe ndi chipewa cholimba, udzakwera bwinobwino."

Mwanayo anabisa nkhope m'siketi ya mayi ake. "Sindikufunanso."

Sanabwerereko. Kachiwala analekezera panthambi yachitatu, ndipo anamutsitsa ndi malume ake.