Akuti Akhuta

Ireen Hilario anakana sukulu zina zonse za unamwino. Azakhali ake a ku Ngabu anamuchonderera kuti alembenso makalata ku Blantyre ndi ku Zomba kuti mwayi uchuluke, koma iye ankangoti ayi. Sukulu imene ankafuna inali imodzi yokha, ya pa mishoni ina konkuno kuchigwa, imene chaka chilichonse imalandira makalata oposa mazana asanu ndi limodzi n'kutenga anthu makumi anayi basi. Akutchalitchi ankamuyamikira kuti mwanayu amakonda kwawo. Bambo ake okha, a Hilario, otsogolera kwaya kwa Ndamera, ndi amene ankadziwa chimene chinkamukokera kumeneko. Pa sukuluyo pankaphunzitsa Sisitala Kalinde.

Mayi ake a Ireen, a Josephine, anabadwira tsidya la malire, ku Mozambique. Chichewa ankachimva, koma pakamwa pawo pankatuluka Chisena chokhachokha. Chaka chija madzi anasefukira, anadwala chibayo, ndipo boti linawatengera kuchipatala okha, popanda wowadikirira, chifukwa malo m'botimo anali a odwala okha. Ireen ndi bambo ake anafika patatha masiku atatu, madzi ataphwa mumsewu.

Mayi wina wa pa bedi loyandikana ndi amene anawauza zimene zinachitika. M'mawa woyamba namwino ankayenda ndi munthu wa kukhitchini, akumulozera woti adye ndi woti asadye. Atafika pa bedi la a Josephine, chikho cha phala chili kale m'manja mwa wogawayo, mayiwo anathokoza monga amathokozera Msena aliyense.

"Takhuta, mwananga."

Namwinoyo anali wochokera kumtunda. "Akuti akhuta," anatero. "Tiyeni kutsogolo."

Mayi woyandikana uja anayesa kumufotokozera kuti kuno mawu amenewo ndi zikomo, si kukhuta kwa m'mimba. Namwino anangoseka, nati ngati ali ndi njala aphunzire kupempha m'Chichewa. Kuyambira pamenepo ankawatchula kuti agogo okhuta, ndipo wodi yonse inkaseka. A Josephine anali munthu wamanyazi. Sanatambasulenso dzanja. Ankangolawa timasipuni tiwiri titatu timene mnzawoyo ankawagawira, uku mapiritsi akulowa m'mimba mopanda kanthu. Anamwalira tsiku lotsatira Ireen atafika. Adokotala anati n'chibayo, ndipo Ireen sanatsutse. Koma dzina la pa baji ya namwinoyo analiwerenga kawiri kuti lisamutayike.

Panapita zaka zisanu ndi chimodzi. Mtsikanayo sanasiye kupemphera, ndipo mawu ake m'kwaya anali okoma monga kale. Koma pa pemphero la Ambuye, akafika paja pokamba za kukhululukira otilakwira, ankatseka pakamwa n'kudikira kuti anzake adutse. A Hilario ankaziona. Ankamuuza mofatsa kuti kubwezera ndi ntchito ya Mwini moyo, ndipo munthu woilanda ntchito imeneyo amapsa nayo yekha. Iye ankawayankha kuti walandira malangizowo, kenaka n'kubwerera ku mabuku ake.

Chaka choyamba sanamuitane chifukwa sayansi sanakhoze bwino. Anapita kwa azakhali ake ku Ngabu kukabwereza Fomu 4, m'mawa akuwathandiza kugulitsa nsomba zouma pamsika, masana ali m'kalasi thukuta likudontha pa kope. Chaka chachiwiri anakhoza, komabe dzina lake silinatuluke. Chaka chachitatu uthenga unafika pa foni kuti apite akafunsidwe mafunso.

M'mawa wa ulendo bambo ake anamugwira manja onse awiri n'kupemphera nthawi yaitali, kabaza akudikira panja. Atatha anamuuza kuti akakamufunsa chifukwa chofunira unamwino, akayankhe zimene anakonzekera: kuti akufuna kutumikira odwala monga Ambuye anatumikira. Zinazo azisiye pakhomo pano. Anamukumbutsa kuti malo ndi makumi anayi okha, ndipo oweruza ake ndi Sisitala Kalinde yemweyo ndi anzake.

Pa sukulupo anapeza chinamtindi cha anyamata ndi atsikana atakhala pansi pa mitengo ya nimu, aliyense akung'ung'udza mayankho a Chingerezi ngati akuloweza katekisimu. Dzina lake linaitanidwa dzuwa litapendeka.

M'chipindamo munali anthu atatu: mkulu wa sukuluyo, bambo wa imvi wolankhula pang'onopang'ono, dokotala wachinyamata, ndi Sisitala Kalinde. Anali atanenepa, atayamba kuvala magalasi, koma kasekedwe kanali komweko. Anamuyang'ana Ireen ngati mmene munthu amayang'anira mlendo aliyense. Sanamuzindikire ngakhale pang'ono, ndipo zimenezi zinamuwawa Ireen kuposa mmene ankaganizira. Iye anakhala zaka zonsezi akugona ndi kudzuka ndi nkhope imeneyi, pamene mwini nkhopeyo analibe naye ntchito.

Anamufunsa zizindikiro za malungo aakulu kwa mwana, nayankha. Anamufunsa zimene angachite m'mudzi mukagwa kolera, nayankha bwino mpaka dokotala anagwedeza mutu. Ankaona cholembera cha Sisitala chikuyenda mokondwa pa pepala. Malo aja anali atayandikira, ongotsala kutola.

Funso lomaliza anafunsa ndi Sisitala Kalinde iwo eni, akumwetulira: n'chifukwa chiyani akufuna kukhala namwino?

Yankho loloweza lija linali kale pa lilime. Akanangolitulutsa n'kutuluka. M'malo mwake anapempha kuti amulole ayankhe m'Chichewa, ndipo mkulu wa sukulu anavomera. Anafotokoza nkhani yonse, ya boti, ya chikho cha phala, ya mawu aja ndi tanthauzo lake, ya kuseka kwa wodi. Sanatchule dzina la chipatala kapena la munthu.

Dokotala anapukusa mutu. Sisitala Kalinde anausa moyo, naika cholembera pansi.

"Pepa, mwanawe. Anamwino ena amatichititsa manyazi ndithu. Ameneyo anayenera kuchotsedwa ntchito."

"Sanachotsedwe, Sisitala," anatero Ireen. "Anakwezedwa. Wodi ya amayi, bedi lachitatu kuchokera pakhomo, chaka cha madzi. Munali inu."

Panja wina anali kuseka ndi mnzake, ndipo kuseka kwakeko kunamveka bwinobwino. Sisitala anavula magalasi, nawavalanso. Anayamba kunena kuti pa ntchito yawo aona odwala zikwizikwi, kuti nthawi ya madzi ija odwala ankagona mpaka pansi, kuti munthu sangakumbukire aliyense.

"Ndikudziwa kuti simukukumbukira," Ireen anawadula. "N'chifukwa chake ndabwera ndekha. Dzina lawo anali a Josephine."

Mkulu wa sukulu anamuyang'anitsitsa kwa kanthawi. Kenaka anamufunsa, mosakweza mawu, ngati wabwera kudzaphunzira kapena kudzazenga mlandu.

"Zonse ziwiri, bambo. Koma mukanditenga, wodwala wa kwathu akalankhula ndidzamumva."

Anamuuza kuti atha kupita. Potuluka, mumtima mwake munali kutsekemera kumene sanakulawepo chiyambire. Nkhope ya Sisitala ija, itagwa ngati khoma lonyowa, anayenda nayo mu minibasi njira yonse, akuitembenuza uku ndi uku, osakhutira.

Kunyumba sanabise kanthu. A Hilario anamvetsera mpaka kumapeto akuyang'ana mbuzi zawo. Kenaka anati Ireen wagulitsa zaka zitatu za thukuta chifukwa cha mphindi imodzi yokoma. Anati mayi ake akanasankha kumuona atavala yunifolomu kusiyana n'kumuona atapambana mkangano. Mawu amenewa anamulasa, ndipo analira koyamba chichokereni pa maliro paja. Komabe atafunsidwa ngati akumva chisoni ndi zimene anachita, anati ayi, atapatsidwanso mpata akhoza kunenanso zomwezo.

Masabata anayi anadutsa akupalira mapira ndi bambo ake, osatchulanso za sukulu. Anali atayamba kuganiza zobwerera ku Ngabu kukapitiriza za nsomba. Tsiku lina ali m'munda foni inalira. Anali azakhali ake, mawu akuthamangitsana, akuti mndandanda watuluka ndipo amutumizira chithunzi chake.

Anakhala pa mzere, manja ali dothi lokhalokha, nayamba kutsitsa chala pa galasi long'aluka la foniyo. Nambala makumi atatu ndi zitatu: Ireen Hilario.

Bambo ake anawerenga katatu, akuiyandikiza foniyo kumaso ndi kuitalikitsa. Kenaka anagwada pakati pa mapira pomwepo, chipewa chili m'manja, nayamika Mulungu amene satichitira monga mwa kuuma kwa mitima yathu. Ireen anagwada nawo, ndipo ameni wake anali wochokera pansi pa mtima.

Zimene zinakambidwa m'chipinda muja iye atatuluka, palibe anawauza. Pobwerera kunyumba, makasu ali paphewa, a Hilario anati mwina ndi mkulu wa imvi uja anamuimira. Anayenda pang'ono, kenaka anawonjezera kuti mwinanso ndi Sisitala iwo eni, poti Mzimu amagogoda paliponse pamene wafuna. Ganizo limenelo silinamukomere konse Ireen.

"Nanga tsopano mtima wagona, mwananga?" anamufunsa.

"Ayi, baba. Zaka zitatu ndizikakhala mpando wa kutsogolo, pamaso pawo penipeni. Ngati ndi iwo anandivomera, adziitanira okha."

A Hilario anasuntha khasu kupita paphewa lina. Anati ndiye kuti ntchito yawachulukira, chifukwa kuyambira lero azipempherera anthu awiri.