Kansalu Kofiira Kotsiriza

Ndinalota ndili pa ntchito ku fakitale yathu yosoka mayunifolomu ku Makata, ine kapitawo, m'manja muli tinsalu tofiira. Ndi dongosolo lija tinaliyamba chaka chatha: chilichonse chosathandiza kuti malaya afike kwa wogula timachimanga kansalu kofiira, kenako chimachotsedwa. Ine ndimalikonda, sindibisa. Kale tinkachita kudumpha milu ya nsalu ngati achule.

Chitseko cha chipinda chosungira katundu chinali chotsegula, ndipo mkatimo munkayenda mtsinje wa Mudi. Pakhomopo panakhala malemu a Chikaonda, makanika wathu wakale. Munthu amene sankataya ngakhale msomali wopindika, ndiye anali kulandira zotayidwa.

"Mangani, mayi kapitawo," anatero. "Madzi akudikira."

Ndinamanga makina akufa, ananyamuka okha n'kulowa m'madzi. Ndinamanga mabokosi a mabatani amene tinagula mopyola muyeso. Ndinamanganso kudikira kwa osoka, kumene kunali kutakhala pabenchi kutapinda miyendo. Fakitale inapepuka. Sizasi yaikulu inayamba kudula nsalu osasiya kachidutswa n'kamodzi komwe.

Pamenepo ndinaona mayi Nachisale ataima ndi thumba lopanda kanthu. Ntchito yawo ndi yotola zidutswa, ndipo zidzukulu zawo zimadalira thumba limenelo. Ndi iwo anandiphunzitsa kulowetsa ulusi mu singano nditangofika kumene.

Kansalu kanatsala kamodzi.

"Kameneka ndisunga," ndinatero.

"Kusunga chinthu chosagwira ntchito n'kuwononga," inayankha sizasi mwaulemu. "Munatiphunzitsa ndinu."

Ndinafunafuna china choti ndimange. Pansi panali mbee, mashelefu ali pululu. Ndinachita mantha ndi ukhondo wanga womwe.

"A Chikaonda, kodi munthu amamangidwanso?"

"Ine ndimangolandira, mayi."

Mayi Nachisale anapinda thumba lija bwinobwino, analiika pamalo pake pozunguliridwa ndi penti yachikasu, n'kunditambasulira mkono.

"Manga, mwananga. Usaimitse ntchito chifukwa cha ine."

Ndinadzuka kutacha, Lolemba, tsiku limene abwana anati ndiwauze amene alibenso chochita mu fakitale. Ndinakwera minibasi kupita ku ntchito. Pa geti ndinapeza mayi Nachisale afika kale, akukung'untha thumba lawo. Atandiona anamwetulira, n'kunditambasulira mkono womwe uja kuti andipatse moni.