Malaya a Pachingwe

"Ndiye kuti nyanja muzidzaiona muli m'bafa momwe."

"Ine posamba ndimatsinzina. Sopo amandiwawa m'maso."

"Alamu inu, kwenikweni mukufuna chiyani?"

"Ndikufuna nyumba yoti ndikakuwa, wina amve."

Wofunsayo anali mng'ono wawo wa a Dalaivala, ndipo woyankhayo anali a Telala, akazi awo a a Dalaivalawo. Atatuwa anaima pakhonde la nyumba yoyera ya pamtunda, m'tauni ya m'mbali mwa nyanja kumene anthu amapita kukapuma pa tchuthi. A Dalaivala anali atasiya ntchito atayendetsa basi zaka makumi atatu, ndipo a Telala maso anali atayamba kukangana ndi bowo la singano. Nyumba yawo yakale anali atagulitsa kale. Zimene anapezapo zinali zogulira nyumba imodzi, kamodzi kokha, ndipo mapepala anali oti asainidwe Lachisanu. Tsikuli linali Lachiwiri.

Nyumbayi anaipeza ndi mlamu uja. Iye ankagwira ntchito yolandira alendo pa hotela ina m'tauniyo, choncho ankati tauni yonse ali nayo m'thumba. Malangizo ake anali achidule. Munthu ukamagula nyumba uziyang'ana kumene agula anthu olemera, chifukwa iwowo salakwitsa. Kumene kuli zii ndiye kwabwino. Zina zonse n'zozolowereka.

A Dalaivala anali atagwa nayo kale m'chikondi nyumbayo, makamaka garaja yake, imene anailowa katatu n'kutulukamo akumwetulira ngati mkamwini watsopano. A Telala sankaida. Khitchini inali yowala, zitseko zinali zolimba, ndipo mphepo ya kunyanja inkalowa bwino. Koma amuna awo anali ndi matenda a shuga, amene eni akewo ankawatcha kachizungulire, ndipo kachizungulireko kanali katawagwetsa kawiri. Ulendo wachiwiri anawanyamula ndi aneba, anthu anayi, mmodzi ali ndi thovu lometera ndevu kumaso. Choncho a Telala, pamene anzawo ankayang'ana nyanja, iwo ankayang'ana mipanda.

"Anthu alipo," anatero mlamu, atawaona akusuzumira. "Taonani makatani otsegula. Maluwa othiriridwa. Zovala pazingwe. Kungoti kuno kumakhala anthu aulemu, sakuwa ngati ali pamsika."

Zovalazo ndi zimene zinkawasowetsa mtendere a Telala. Kuseri kwa mpanda, pachingwe cha nyumba yoyandikana nayo, panali malaya abuluu amizeremizere, mkono umodzi uli wotembenuka. Milungu iwiri yapitayo, atabwera koyamba kudzaona nyumbayi, anaona malaya ngati omwewo, ndipo mkono wake unali wotembenuka chimodzimodzi. Munthu akhoza kuchapa malaya amodzi kawiri, palibe chachilendo. Koma kuiwala mkono womwewo kawiri konse?

Anayandikira mpanda n'kuvala magalasi. Nsalu sinamiza telala. Mapewa a malayawo anali atasuluka ndi dzuwa, ndipo pomwe panali zopanira panali timizere ta dzimbiri. Koma kolala inali yatsopano, yowuma gwa, yosakhudzidwapo ndi khosi la munthu. Malaya amene amavalidwa amayamba kutha kolala ndi m'khwapa. Awa ankatha kuchokera kumwamba, ngati denga.

Atayang'ana kutsidya kwa msewu anaonanso malaya abuluu amizeremizere. Nyumba yachitatu, omwewonso, mpaka thumba lake lopendekeka pang'ono.

"Mwina ndi mapasa," anatero mlamu.

"Mapasa atatu, alamu, aliyense nyumba yake?"

A Dalaivala anaseka, n'kunena kuti mayiwa ngakhale kumwamba akakafika adzayamba ndi kuyendera mipendero ya mikanjo ya angelo. A Telala anaika nkhaniyo m'chikwama pamodzi ndi magalasi.

Itakwana nthawi yobwerera, galimoto inakana. Imeneyi sinali nkhani yachilendo. Galimoto ya a Dalaivala inali yakale, ndipo inali ndi khalidwe lofuna kupemphedwa ndi manja. Kumene ankakhala kale, ikangotsokomola kawiri, anthu ankatuluka okha n'kuikankha kwinaku akuinyoza. Koma msewu wa pamtundawu unali wosalala ngati tebulo, ndipo potsetsereka panali patali ndithu. A Dalaivala anayenera kukhala pachiwongolero. Mlamu anali atavala nsapato zoterera za ku hotela, ndipo a Telala msana sunali wawo.

"Tagogodani kwa anthu aulemuwo," anatero a Telala.

Mlamu anayamba ndi nyumba ya malaya otembenuka mkono. Belu linalira m'kati ngati mwala wogwera mumgolo wopanda kanthu. Anapita pageti lachiwiri, lachitatu, mpaka lachisanu ndi chiwiri, akuodira ndi mawu ake okoma a pa hotela. Palibe ngakhale galu amene anamuuwa.

Dzuwa linali litafika paliwombo. A Telala atacheuka anapeza amuna awo atatsamira chitseko cha galimoto, thukuta lili kamukamu. Anadziwa kuti shuga watsika, chifukwa nthawi ya chakudya inali itadutsa. M'chikwama munali maswiti awiri okha, ndipo anawapatsa onse. Anatuma mlamu kugolosale ya pakona kuti akagule chakumwa chotsekemera, koma iye anabwerako chimanjamanja. Pachitseko panali chikwangwani chonena kuti adzatsegula nyengo ya tchuthi ikadzayamba.

Maswiti aja anagwira ntchito. Patapita kanthawi a Dalaivala anayamba kunena kuti kanali kachizungulire chabe, ndipo a Telala anadziwa kuti munthu wabwerera. Koma a Telala anakhala pansi m'mphepete mwa msewu, akuwerenga mageti amene mlamu anagogoda.

Apa m'pamene anamva kulira kwa makiyi. Mayi wina wamtali, wa chipewa cha mlaza, ankabwera akukankha njinga, m'chiuno muli chimtolo cha makiyi ngati woyang'anira ndende. Atamva za vuto lawo, anayamba wapatsa a Dalaivala nthochi ndi madzi zochokera m'basiketi ya njinga yake, kenako n'kufunsa ngati ndiwo akufuna kugula nyumba yoyerayo. Anati anthu amangomutcha Mayi wa Makiyi, ndipo ntchito yake ndi yosamalira nyumba za m'deralo eni ake akachoka.

"Ndiye malaya aja ndi anu," anatero a Telala.

Mayiyo anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anaseka mpaka makiyi onse analira. Anavomera. Anati anagula malaya khumi ndi awiri amtundu umodzi pamsika, otsika mtengo, n'kuwayanika m'nyumba zosiyanasiyana kuti akuba aziona ngati muli anthu. Makatani amatsegula ndi iyeyo. Maluwa amathirira ndi iyeyo. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi palibe anazindikira.

"Akuba sayang'ana kolala, mayi. Inu ndinu oyamba."

Mlamu anafunsa, mawu atatsika, kuti nanga anthu okhalamo alipo angati. Mayi wa Makiyi anati m'dera lonselo muli nyumba makumi anayi, koma zimene mumagona anthu chaka chonse ndi ziwiri, ndipo zili kumapeto kwenikweni. Enawo amabwera milungu itatu kapena inayi, kukhala phokoso usana wonse, magalimoto mpaka pakapinga, kenako n'kutseka n'kumapita. Minibasi imafika kuno nyengo imeneyo yokha. Anati kale kunali nyumba yachitatu yokhalamo munthu, bambo wina wachikulire amene ankakhala yekha. Anaterereka m'bafa Lolemba, iye n'kudzamupeza Lachitatu. Anachira, koma pano amakhala kwa mwana wake.

A Dalaivala anayang'ana garaja ija, kenako anayang'ana pansi.

"Musandimve molakwa," anapitiriza mayiyo. "Derali si loipa. Ndi labwino kwa munthu wobwera kudzapuma, wa magalimoto awiri ndi mawondo ake omwe. Koma inu simukubwera kudzapuma, mukubwera kudzakhala. Nyumba mukhoza kuipenta, mukhoza kuigwetsa khoma, koma simungaisamutse. Chimene mukugula kwenikweni ndi msewu wake."

A Telala anafunsa kuti nanga msewu umayesedwa bwanji, poti ulibe kolala. Mayi wa Makiyi anati n'zosavuta. Ubwere tsiku wamba ngati lero, alendo kulibe, osati Loweruka la pa tchuthi. Uone mabini tsiku lotaya zinyalala, chifukwa bini silinama ngati katani. Uyende wapansi kuchokera pakhomo kukafika kuchipatala ndi kumsika, ndi miyendo imene udzakhale nayo zaka khumi zikubwerazi, osati ya lero. Uyang'ane m'munsi mwa makoma ngati muli mzere wa madzi osefukira, ndi mahinjesi a mageti ngati mphepo ya mchere ikuwadya. Ukatero ugogode pakhomo lililonse, upemphe madzi akumwa.

"Nanga inuyo mumakhala kuti?" anafunsa a Dalaivala.

Anati amakhala kuseri kwa msika, msewu wachitatu kuchokera kunyanja, pakati pa chipatala chaching'ono ndi sukulu ya pulayimale. Nyanja imaoneka ukakwera pachidebe. Ndipo kumeneko kunali nyumba ina yogulitsa.

Galimoto anaikankha atatu, Mayi wa Makiyi pakati, a Telala ndi dzanja limodzi, mlamu atavula nsapato.

Lachitatu ndi Lachinayi banjali linakhalira kuseri kwa msika. A Telala anayenda msewu wonse akuwerenga zingwe ngati nyuzipepala. Panali matewera, mayunifolomu a sukulu, ovololo ya makanika yothimbirira m'mawondo, ndi malaya a kolala zotha bwinobwino, zina zotembenuzidwa kale ndi telala wosadziwa ntchito. Anapempha madzi pakhomo lina, n'kutulukapo patatha ola, akudziwa kale amene ali ndi pakati ndi amene sakulankhulana. Anayenda wapansi mpaka kuchipatala, a Dalaivala akutsimphina dala kuti ayese miyendo ya m'tsogolo, ndipo anafika asanatope. Makoma a kumunsi kwa msewuwo anali ndi mzere wa madzi wofika m'mawondo, koma nyumba yogulitsayo inali chakumtunda, khoma lake loyera mpaka pansi.

Zolakwika zinalipo. Nyumbayo inali yaing'ono, yopanda garaja. Belu la sukulu linkalira ngati lakwiya, ndipo mphepo ikatembenuka inkabweretsa fungo la nsomba za pamsika mpaka kuchipinda. A Telala anati walira mvula walira matope, ndipo matope amenewa anali oti akhoza kuwaponda.

Mayeso omaliza anachita ndi a Dalaivala eni ake. Anaimitsa galimoto pakati pa msewu, n'kuitsokomoletsa kawiri. Asanatsike n'komwe, panali patafika anthu asanu. Wometa tsitsi anati ndi batire, mayi wogulitsa tomato anati ndi ukalamba, ndipo onse anakankha akutsutsana. Galimoto italira, a Dalaivala anatulutsa mutu pawindo n'kuuza akazi awo kuti garaja si m'bale wa munthu.

Lachisanu anasaina mapepala a nyumba ya kuseri kwa msika.

Patapita miyezi inayi, mlamu anabwera kudzacheza Lamlungu masana. Anawapeza pakhonde akumwa tiyi. Galimoto inali pansi pa mtengo, yofunditsidwa lona. A Telala anali ndi mulu wa malaya abuluu pamiyendo, chifukwa Mayi wa Makiyi anali atawapatsa ntchito yoti awasiyanitse: ena kusintha mabatani, ena kuchotsa thumba, ndipo onse kuwakhula kolala ndi mwala kuti aoneke ovalidwa. Ulusi ukakana kulowa, ankangopatsira singano kuseri kwa mpanda, neba n'kuwalowetsera.

Mlamu anayamikira tiyi, anayamikiranso thanzi la achimwene ake. Koma belu la njinga ya wogulitsa buledi litalira, ana a aneba n'kuyamba kuthamangitsana, anapukusa mutu. Anati iye akuonabe kuti anataya mwayi. Nyumba yoyera ija inali isanagulidwe, ndipo iye anali atayamba kuganiza zoti akadzapuma pantchito adzakhale kumeneko, yekha, pamtendere, nyanja ili m'maso kuyambira m'mawa.

A Dalaivala anayang'ana m'kapu mwawo. A Telala anadula ulusi ndi mano, ananyamula malaya amodzi m'mwamba n'kuwayang'ana bwinobwino, mikono yake ili lendelende.

"Nanga alamu, mukadzagwa m'bafa, adzakudzutseni ndi awa?"