Lumo Lakuthwa ndi Galu wa Apongozi

Wometa tsitsi wina ankadziona ngati katswiri wa mafilimu. Makasitomala akasowa, ankadziponya pampando wometera n'kumakangana ndi anthu pa intaneti, atabisala m'dzina lakuti Lumo Lakuthwa. Sabata imeneyo ankalimbana ndi wina wodzitcha Duwa, amene ankaikira kumbuyo filimu ya makatuni yonena za galu wosochera.

"Galu wakoyo akulankhula ngati wameza chipeso," analemba motero. "Ngati izi ukuti n'zabwino, ndiye kuti ukalamba wakulowa m'mutu. Kagone."

Lamlungu apongozi ake aakazi anabwera kudzaona adzukulu, koma magalasi anaiwala kwawo. Atatha kudya, anamupatsira foni ndi manja awiri.

"Bambo, tandilemberaniko. Pali kamunthu kena kopanda mwambo kakundinyoza chifukwa cha filimu imene ndimaonera ndi anawa."

Wometa uja atayang'ana pafonipo, anakumana ndi Lumo Lakuthwa, chipeso chija chili pomwepo. 

"Lembani kuti: mkazi amene anakwatiwa ndi iwe ndikumumvera chisoni."

Mkazi wake, amene ankapukuta tebulo, anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Muuzenidi, amayi."

Wometa uja analemba maso ali pansi, n'kutumiza. Nthawi yomweyo foni yake inalira m'thumba la malaya.

Apongozi anayang'ana thumbalo kwa kanthawi, kenako anatembenukira kuwindo.

"Yankhani, bambo," anatero mofatsa. "Mwina ndi kasitomala."